Pita kwa Hawa, Makka Sisamuka

Abu Hamour, Doha
Lachisanu masana

Amidu mwana wanga,

Assalamu alaikum. Ndangobwera kumene ku swala ya Juma, ndakhala m'kanyumba kanga ka pageti, ndikukulembera ngati uli kutali, chonsecho uli pompa ku Al Mirqab. Mawa ukukwera ndege ndipo ine ofu andikaniza, choncho ku eyapoti sindikakuperekeza. Kalatayi ndipatsira dalaivala wa basi ya kampani akusiyire. Komanso umandidziwa iwe. Ndikamalankhula pakamwa, mawu aukali ndi amene amatsogola, abwino n'kutsalira m'mimba. Papepala mwina ndiyenda bwino. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, pamene palakwika uwongole wekha.

Dzulo utandionetsa tikiti pafoni paja ndinangoti "chabwino," n'kuyamba kukufunsa za chikwama. Ndinaona nkhope yako itagwa. Unkayembekeza kuti ndinena zambiri. Tsono dziwa kuti utangokhota pakona ndinalowa muno n'kugunditsa mphumi pansi kuthokoza Allah, mpaka mnzanga wa ku Nepal amene timalondera limodzi anayesa ndakomoka ndi dzuwa. Mwezi wonsewu mtima wanga unali m'mwamba. Mbali ino bwana wako akuti akutenga ku Haji, ukawakankhe panjinga ya odwala bambo ake okalamba aja, zonse alipira yekha. Mbali inayo mkazi wako Hawa ali wotopa kwathu ku Namwera, masiku ake akugwera m'masiku a Haji omwewo, ndipo adokotala anena kale kuti akadikirire kuchipatala chifukwa mwana adzabadwa pa opaleshoni. Tonse tikukumbukira za mimba yoyamba ija. Mwana anapita, mayi wake anatsala pang'ono kumutsatira, iwe uli kuno ukuyendetsa galimoto ya eni. Hawa mayi alibe. Amayi ako miyendo ija sangakwere nayo ngakhale kabaza. Wasankha kupita kwa mkazi wako. Wachita bwino, mwana wanga. Ndikubwereza kuti zikhazikike: wachita bwino.

Koma ndikudziwa kuti ndege ikanyamuka, funso lija likwera nawo n'kukhala pampando woyandikana nawe. Kodi munthu amene njira ya ku Makka yamutsegukira angaichedwetse chifukwa cha banja? Kodi sindinakane kuitana kwa Mulungu? Ndikuyankha ine amene ndachedwetsa Haji mpaka imvi mbuu: angathe. Koma yankho limeneli lili ndi mchira, ndipo mchirawo ndi umene unandikulunga ine. Werenga mpaka kumapeto.

Nditabwera kuno koyamba, iwe ukadali ku madrasa, anthu kumudzi ankati Che Saidi apita pakhomo penipeni pa Makka, chaka chamawa abwera ali Alhaji. Nanenso ndinkayesa choncho. Koma ine ndine mwinimbumba. Mwamuna ndinabadwa ndekha pakati pa akazi, ndipo pamwambo wathu ana a azichemwali anga onse amayang'ana ine, osati abambo awo. Chaka choyamba denga la azakhali ako Asiyatu linasasuka ndi mphepo. Ndinati Haji chaka chamawa. Chaka chinacho kunagwa njala. Chinacho anyamata olowa jando, ofunika zovala zatsopano potuluka. Chinacho Twaibu, mwana woyamba wa Asiyatu, wapeza malo kusukulu ya chipembedzo ku Blantyre. Chinacho mwamuna wa chemwali wamng'ono watchona ku Joni. Foni ikalira, mawu oyamba ndi "amjomba," ndiko kuti amalume, achiwiri ndi vuto. Usaganize kuti ndinkangodandaula ayi, ndinkanyada nazo. Zimakoma kukhala mtengo umene aliyense amathawirapo dzuwa. Ndinkadziuza kuti Mulungu akuona, Haji idikira. Inadikiradi, koma mawondo anga sanadikire. Makka sisamuka, Amidu, chimene chimasamuka ndi mphamvu za munthu.

Tsiku lina ndinapita kwa shehe wa ku Sudan amene amaswalitsa pa kamzikiti ka kuseri kwa nyumba zosungira katunduzi. Ndinkafuna andiuze kuti ndilibe mlandu. Tinalankhula Chingerezi chothyokathyoka, iye chake, ine changa. Anandifunsa kuti, "Saidi, amene ukuwadyetsa ndi ndani?" Ndinayamba kutchula mayina ndikupinda zala. Zala zitatha anandigwira dzanja.

"Onsewa ndi ana ako?"

"Ayi, ambiri ndi a azichemwali anga."

"Abambo awo anamwalira?"

"Alipo."

"Ndi odwala?"

"Ayi, ali gwa. Wina amaswera pabawo pa Namwera kuyambira m'mawa mpaka swala ya Magharibi, dzuwa litalowa."

Shehe uja anaseka mpaka kofia kutsetsereka. Kenako anandifotokozera mofatsa. Anati Haji ndi lamulo kwa munthu amene angathe, ndipo kutha kwake ndi uku: thupi likhale lolimba, njira ikhalepo, ndipo mkazi, ana ndi makolo uwasiye ali ndi zowakwanira mpaka ubwerere. Amene kuchoka kwake kuika a m'nyumba mwake pangozi, ameneyo nthawi yake sinakwane. Anatinso mashehe akuluakulu akale anasiyana maganizo. Ena anati amene angathe apite chaka chomwecho. Ena anati akhoza kudikira, bola mumtima atsimikize kuti apita, ndipo asadikire mpaka mphamvu zimuthere. "Koma izi ukuchitira ana a azichemwali akozi," anatero, "ndi sadaka. Ndi chithandizo chaufulu, ndi zabwino, Allah akulipira. Koma sadaka siitseka njira ya lamulo."

Ndinatuluka nditafufuma ndi mkwiyo. Ndinati munthu wa ku Sudan angadziwe chiyani za mbumba? Kwa nthawi yaitali ndinkadutsa kamzikiti kake n'kukaswali kutali, dzuwa likundiwotcha pamutu, kuti ndisaonane naye. Iwe usadzachite zimenezo. Ukafunsa munthu wodziwa, usamusankhire yankho.

Sabata yatha ndinabwerera kwa iye ndi nkhani yako. Wakalamba nayenso, amaswalitsa atakhala pampando. Anandifunsa ngati kwa Hawa kuli wina woti angasayine pepala la opaleshoni, wopereka magazi akafunika, wothamanga zinthu zikavuta. Ndinati palibe woposa mwamuna wake. Anati, "Halasi, nkhani yatha, apite. Ulendo wa bwanawo ndi mphatso, ndipo munthu sakakamizidwa kulandira mphatso moyo wa mkazi wake uli pachiswe. Ndi mnyamata, atsimikize mumtima, adzapita." Waona kusiyana kwake? Shehe yemweyo, funso lofanana, koma ine anandiseka, iwe wakumasula. Za ine zinali utsi wa tsiku ndi tsiku umene sutha pamudzi. Za Hawa ndi moto. Uphunzire kusiyanitsa ziwirizi, Amidu, chifukwa nawenso uli ndi azichemwali, ndipo tsiku likubwera limene foni yako idzayambe kulira "amjomba."

Tsopano ndinene za Twaibu, popeza ndikudziwa kuti ndiye wakusowetsa mtendere. Unandimvetsera mavoisi ake aja. "Msuweni, nyumba ya Allah yakuitana, iwe n'kumati mkazi wanga ali ndi pakati? Kodi ndiwe mzamba? Ukafa chaka chino ukayankha chiyani?" Mawu amenewo kwa ine si achilendo. Ndinawamva kale, ndili chikhalire pamkeka, mzikiti utadzaza.

Zinayenda motere. Chaka china kampani inatipatsa masiku pang'ono, ife Asilamu tinakwera basi kupita ku Umra, ulendo waung'ono uja umene munthu amapita nthawi iliyonse, umene sulowa m'malo mwa Haji. Ndinajambulitsa nditavala nsalu zoyera, Kaaba, nyumba ya Allah ija, ili kumbuyo kwanga, n'kutumiza chithunzi kwa amayi ako. Chithunzi chija chinayenda mudzi wonse. Nditapita ku holide, amayi a m'mudzi anandichingamira kumsewu ndi nthungululu, "Alhaji afika! Alhaji afika!" Ndinayesa kukweza dzanja kuti ndifotokoze, koma ndani angamve pakati pa nyimbo za zikiri? Wina walanda chikwama, wina akupempha madzi a zamuzamu, a pachitsime chopatulika cha ku Makka, gogo wina akundisisita manja n'kudzipaka kumaso. Ndinati ndiwauza mawa, fumbi likatsika. Mawa lake kunabwera alendo ena. Ndinazengereza, ndipo Lachisanu linandipeza ndisananene.

Chaka chimenecho Twaibu anali atangobwera ku Haji yeniyeni. Anamutenga anthu ena achifundo amene ankathandiza aphunzitsi achinyamata. Anaima kutsogolo, ndevu atazipesa, n'kunena kuti, "Abale, pali ena pakati pathu akulandira dzina limene sanaligwirire ntchito. Akhala pakhomo pa Makka zaka zonsezi osalowa. Munthu wotere imfa ikamupeza akayankha chiyani?" Sanatchule dzina, koma makosi onse anatembenukira kwa ine. Amidu, kanzu imene anavala tsiku limenelo ndinagula ndine. Mabuku amene anaphunziramo mawu ondibaya nawo ndinagula ndine. Haji yanga ndi imene inamuphunzitsa iyeyo Chiarabu. Akanabwera kunyumba n'kunena kuti amjomba, akonzeni anthuwa, ndikanamuthokoza. Koma anafuna mzikiti wonse uone kuti iye wadutsa mjomba wake. Mpaka lero sanabwere kudzapepesa. Amati ndikhululuke. Ndikuyesa, koma zikuyenda ngati bulu wolemedwa.

Tsono ukafika abwera ameneyo, sangalephere. Umulandire mwaulemu, ndi wamkulu kwa iwe ndipo ndi mwalimu. Umupatse mpando ndi tiyi. Akayamba zake, usakangane naye za mabuku, akuposa. Ungoti, "Ndamva, achimwene, mundipempherere duwa kuti ndidzapite." Akapitiriza, umufunse ngati angakagone pakhonde la chipatala m'malo mwako. Uona tiyi akumwedwa msanga. Chimene sindikufuna ndi chakuti alankhule zimenezi Hawa akumva. Zikafika pamenepo umuperekeze mpaka kumsewu.

Ndikunena za Hawa chifukwa cha zimene ndinachita ine Lachisanu lomwelo. Ndinachoka kumzikiti osapatsa munthu moni. Kunyumba amayi ako anandiikira madzi osamba m'manja, akumwetulira, osadziwa kanthu. Ine ndinakankha beseni n'kunena kuti, "Mwaona? Ndachita manyazi lero chifukwa cha inu ndi ana anu. Pakanapanda inu bwenzi nditapita kalekale." Anatola beseni lija. Kenako anati, "Che Saidi, ine ndi ana anga timadya zotsala za mbumba yanu. Koma ngati mukusowa wosenza mlanduwu, nditwikeni, mitolo ndinaizolowera." Sanalire, sanakweze mawu. Koma kuchokera tsiku limenelo sanatchulenso Makka pamaso panga. Kale ankati mukadzapita mudzanditengere tasibihi yobiriwira, mikanda yopempherera ija. Anasiya. Pa wailesi akayamba kuulutsa za Haji, amanyamuka n'kukachita zina kuseri. Mkwiyo wanga unali pa Twaibu, koma amene ndinamumenya nawo ndi munthu wosalakwa. Mwamuna akachita manyazi kubwalo amakonda kukawatula kukhitchini. Iwe usadzatero, mwana wanga. Usadzatero.

Padzakhala masiku ovuta, ndikuuziretu. Idi ikamayandikira anzako adzatumiza zithunzi ali ku Arafa, kumene a Haji onse amakaima n'kupemphera, bwana wako ali pakati, wokankha njinga ali munthu wina. Iwe udzakhala pabenchi la chipatala, udzudzu ukukuluma, mwina Hawa akukukalipira chifukwa cha ululu. Shetani adzakunong'oneza kuti taona chimene unasinthanitsa. Pamenepo utseke pakamwa. Ukatawaze ndi madzi, uswali, ubwerere pabenchi. Mawu akuti "chifukwa cha iwe" asatuluke, ngakhale mwanthabwala. Ndipo mwanayo akadzakula, asadzamve kwa munthu aliyense kuti bambo ake analephera Haji chifukwa cha iye. Mwana sapempha kubadwa m'mwezi wa Haji.

Akuseka kumudzi, zimenezo uziyembekezere. Adzati za uchembere si za amuna, mwamuna akufunanji kuchitando cha odikirira odwala pakati pa azimayi ndi mapoto awo? Ine ndinamvera mawu amenewo. Iwe pobadwa ndinali ku Chiponde kukasankha njinga, ndimati akazi athana nazo okha. Pobwera ndinapeza azana, mawu oitanira swala aja, m'khutu mwako wakuimbira kale munthu wina, mwamuna wa nesi, amene ngakhale dzina lake sindilidziwa. Mawu oyamba a Mulungu amene unamva sanali a bambo ako. Ukhale pafupi, Amidu. Usayine wekha pepala, upereke wekha magazi akafuna, ndipo mwanayo akatuluka, inshallah, umuimbire wekha azana kukhutu lakumanja. Oseka aseke, mano ndi awo.

Bwana wako usamuiwale. Wandiuza kuti anangoti "mafi mushikila," palibe vuto, koma nkhope sinasangalale. Anthu akuno akakupatsa chinthu chachikulu sazolowera kukanidwa. Usanyamuke osakawatsanzika bambo ake okalamba aja, uwagwire dzanja, uwapemphe akakutchule pa duwa akakaima ku Arafa. Pa Idi uwatumizire moni. Ntchito ikadzatha chifukwa cha zimenezi, ithe, rizki limene Allah anakulembera sili m'thumba mwa munthu mmodzi. Koma usatseke chitseko ndi mwendo.

Tsopano mchira uja. Kuchedwetsa n'kololedwa, koma kuchedwetsa kopanda malire ndi kumene kunandidya ine. Hawa akachira, mwana akalimba, ukhale naye pansi mkazi wako, mugwirizane chaka chimene mukulinga, ndipo ngati Allah alola mudzapite awiri. Ukatero uwaitane azichemwali ako ndi amuna awo, uwauze poyera kuti chakuti ndi chakuti n'cha ulendo wa ku Makka, sichikhudzidwa pokhapokha moyo wa munthu uli pangozi. Adzanyinyirika, adzati Amidu wauma mtima, wamudyetsa mankhwala mkazi wake. Uwathandize ndithu, ndi magazi ako, koma alamu ako nawonso asenze ana awo. Ukawalandira katundu yense sadzakuthokoza, adzangopeza nthawi yambiri ya bawo. Ine palibe anandiuza zimenezi. Amjomba anga anandisiyira mbumba ali pamphasa ya imfa, n'kungoti usawataye. Sananene kuti nawenso usadzitaye.

Ndikuuze zimene ndachita lero m'mawa, useke nawo. Tikiti yako ija inandipatsa mphamvu. Ndinati ngati mwana wanga watha kusankha chinthu chimodzi n'kuimapo, ine ndevu zonsezi ndikulephera chiyani? Ndinaimbira azakhali ako Asiyatu. Ndinati, "Achemwali, ine ndakalamba, mawondo atha, kontirakiti ino mwina ndi yomaliza. Mbumba ndikuipereka kwa Twaibu. Ndiye wamkulu mwa ana anu, ndi wophunzira, anthu amamumvera. Komanso iye ku Haji anapita kale, palibe chimene mbumba ingamuchedwetse." Kenako ndinamva akuseka mpaka kutsokomola. Anati, "Achimwene, mwaganiza usiku ndi usana kuti mumupeze pamenepa?" Ndinati ayi, ndi mwambo basi, mwana wa chemwali ndiye amalowa m'malo mwa mjomba wake, ine ndangofulumiza ndikadali moyo. Anati, "Chabwino, ndiwauza anzanga. Kuyambira mawa denga likadontha tiziimbira Alhaji." Chiyambire nthawi imeneyo foni yanga ikungolira, dzina la Twaibu likuwala. Sindikuyankha. Ndili pa ntchito, malamulo a kampani salola.

Mwana wanga, mapewa anga apepuka moti ndikuopa mphepo ya m'chipululu ingandiulutse. Ndayamba kufunsa njira yolembetsera dzina langa ulendo wa chaka chamawa. Kaya zitheka kaya ayi, mwini ndi Allah. Kaya ndikazungulira Kaaba ndi miyendo yanga kaya pa njinga ngati bambo a bwana wako, ndilibe nazo manyazi. Koma imfa ikandipeza ndisanapite, umve bwino, mlanduwo ndi wanga ndekha. Si wa amayi ako, si wako, si wa mbumba. Ukafika uwauze amayi ako mawu amenewa monga ndawalembera. Ndiwauzanso ndekha pafoni, koma umandidziwa pakamwa panga, ndikhoza kuyamba bwino n'kuthera kufunsa za mbuzi.

Pasipoti uike m'thumba la malaya, osati m'chikwama chachikulu. Zipatso za tende za amayi ako usaziike pamodzi ndi sopo. Ukatsika ndege usayambe kuzungulira kwa anzako m'tauni, ukwere basi ya ku Mangochi tsiku lomwelo.

Ndipo ukakalowa pamene wagona Hawa, adzayamba ndi kupepesa. Ndikumudziwa mwana ameneyo, mavoisi a Twaibu anamufika nayenso, ndipo mwezi wonsewu wakhala akudziona ngati mwala umene watsekera mwamuna wake njira ya ku Makka. Munthu asalowe mu opaleshoni atasenza zimenezo. Usamulole amalize. Usamuuze kuti shehe walola, usamuuze kuti bambo anandilangiza, usamuuze zimene wasiya kuno. Ukhale pansi pambali pake, umugwire dzanja anthu akuona, umuuze kuti, "Palibe wandituma. Ndabwera chifukwa kuno ndi kumene ndimafuna kukhala."

Allah akutsogolere panjira, akusungeni nonse atatu muli amoyo.

Ndine bambo ako,
Saidi